Lamulungu la Layisoni

Kalekale, misewu yambiri ya ku Thyolo isanaone phula, pa esiteti ina ya tiyi panali woyendetsa thirakitala dzina lake Layisoni. Mwana wake wamwamuna, Lonjezo, anakokoloka ndi mtsinje akuchokera kusukulu. Pamaliro Layisoni sanalire. Atabwera kumanda anakhala pakhonde, maso pakhoma, ndipo nyengo ya mvula inatha ali pomwepo. Sankadwala ayi. Munthuyo anangozima.

Mkazi wake Enelesi anali nawo maliro akeake mumtima, koma anawaika pambali. Ankamusambitsa, kumumeta ndevu, kumumwetsa phala. Kale ankamuitana kuti "bambo a Lonjezo", koma tsopano dzinalo analisiya, ankangoti, "Inu, idyani." Mwana wotsalayo, Tadala, anazolowera kudutsa bambo ake ngati akudutsa mtondo.

Kapitawo wa pa esitetipo, a Mpokosa, anakwera okha thirakitala pamwamba pa ntchito yawo. Bwana akafunsa za Layisoni, ankayankha osaphethira: "Ali kuseri kwa phiri, akunyamula masamba." Bodza limeneli analisenza nyengo yonse, akudziwa kuti likaululika ochotsedwa ntchito ndi iwowo.

Wachitatu womuthandiza anali a Chimtengo, nkhalamba yoyandikana nawo nyumba, yofedwa mkazi, yopanda mwana pafupi. Iwowa sanabwere ndi mawu opepesa. Masana alionse ankabwera ndi bawo, kuliika pamapazi pa Layisoni, n'kumasewera mbali zonse ziwiri, yawo ndi yake. Tsiku lina, mwadala, anatola nkhomo za mbali ya Layisoni padzenje lolakwika, zodya zili poyera. Ngakhale wophunzira bawo dzulo akanachita nazo manyazi. Dzanja la Layisoni linatambasuka n'kuwagwira pamkono.

"Osati apo," anatero Layisoni. Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba.

Pang'onopang'ono anadzuka, nabwerera kuntchito. Koma ntchito ya tiyi simusiyira munthu kanthu: Lolemba mpaka Loweruka unyamuke kusanache, ufike dzuwa litalowa, msana utauma. Chomwe chinamutsalira ndi masana a Lamulungu basi. Ndipo musaganize kuti anachira. Pathirakitala manja ankagwira okha. Kunyumba ankadya, kuyankha moni, kumuyang'ana Tadala, mkati muli zii. Pa bawo pokha ndi pomwe ankamva kuti ali ndi moyo. Enelesi ankaziona zimenezi, ndipo zinkamupweteka.

Mvula itabweranso, tiyi anaphuka mopanda chisoni, ndipo Lamulungu lina atatuwo anamufuna nthawi imodzi.

A Mpokosa anamupeza akutuluka m'tchalitchi. "Achimwene, bwana wamva zonse za chaka chatha. Akuti masamba akagona m'munda lero, mawa ndisaoneke. Mpaka mvula itatha, Lamulungu masana tizinyamula. Sindinakupemphenipo kanthu."

A Chimtengo anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhomo ataika m'maenje. Maso awo anali atayamba kuchita khungu. "Mwanawe, bwera ndikudye ndikadaona," anatero. Sabata yonse panalibe wina wowayankhula.

Enelesi sanakweze mawu. Anaima pakhomo atagwira khasu, Tadala ali kumbuyo kwake. "Manda a mwana wanu amera thengo, simunapondekonso. Uyu dzulo wandifunsa ngati munamuiwala dzina. Ine ndatopa kulira ndekha."

Layisoni anaima pabwalo, jekete la kutchalitchi lili m'manja. Anayang'ana khasu, anayang'ana bawo, anayang'ana njira ya kumunda, akudikira kuti mtima umuuze kanthu. 

Popanda Enelesi akanafa ndi njala pakhonde paja. Popanda a Mpokosa akanadzuka n'kupeza ntchito palibe. Popanda a Chimtengo sakanadzuka n'komwe, ndipo akasiya bawo palibe akudziwa ngati sazimanso.

Ine ndamusiya ataima pomwepo. Nanga inu, masana amenewa awapereke kwa yani?