Malata a Che Kalilu

Ku Liwaladzi, pakhonde la golosale yoyang'ana msewu wa ku Dwangwa, panali bawo lomwe maenje ake anachita kusalala ndi zala za Che Kalilu. Bambowa anagwira ntchito yoyang'anira mapampu a madzi m'minda ya nzimbe mpaka imvi zitati mbuu. Atapuma anabwerera kwawo ndi zinthu zitatu: njinga, kabuku ka kubanki komwe penshoni yawo inkagwera, ndi pakamwa. Pakamwapo ndiye panali chuma chenicheni. Atabwera matipate aliyense anamasuka lilime, koma Che Kalilu ankachita ngati ufuluwo anauitanitsa ndi iwo.

"Zinthu zasintha, anthuni!" ankatero akutakata nkhomo pabawopo. "Lero ngakhale nduna nditha kuiimika pamsewu pompa n'kuifunsa kuti feteleza ali kuti. Mantha tinakwirira limodzi ndi makhadi a chipani."

Kunyumba nkhani inali ina. Akazi awo, mayi Maimuna, anali atatopa ndi denga la udzu. Chaka chilichonse dzinja likafika, ntchito yawo inali kuthamanga ndi mabeseni, kusuntha mpunga wa mbewu uku, kukokera mphasa uko. Che Kalilu anawalonjeza pamaso pa ana kuti penshoni ikayamba kugwa, azingotapako ya sopo ndi shuga, yotsalayo izigona kubanki mpaka ikwane malata a nyumba yonse. Lonjezolo mayi Maimuna analimanga pansonga ya chitenje. Ankadziwanso kuti mitengo ya zinthu zaka zimenezo inkakwera ngati nyani wothamangitsidwa ndi galu.

Mwezi wina utatha, Che Kalilu anapita kubanki ya paboma monga mwa nthawi zonse. Atatuluka anaima pamthunzi kuti asirire manambala awo. Anayang'ana, anapukuta maso, anayang'ananso. Ndalama inali itaperewera. Panali kamzere ka zilembo zachilendo, ndipo pambali pake china chake chinali chitalumako, osati kwambiri, koma ngati mmene khoswe amayambira thumba la mpunga.

Anatembenuka kuti abwerere. Anafika pakhomo penipeni. Anaona mlonda wa yunifolomu, anaona mnyamata wa tayi kuseri kwa galasi, ndipo anangoima pomwepo osalowa. Paja zaka zonse za ntchito yawo, malipiro ankabwera odulidwadulidwa: ya khadi, ya mphatso ya akuluakulu, ya chikondwerero chakutichakuti. Wofunsa kuti "ya chiyani" ankakwera galimoto yosalipira, ndipo ena sanabwereko. Pakamwa panali pataiwala zimenezo, koma mawondo ankakumbukirabe.

"Ndi za boma izi," anadziuza okha. "Boma likamadya sulifunsa ngati lakhuta."

Anapinda kabukuko n'kupita kukakwera matola. Madzulo ake pabawo anadzudzula nduna ziwiri.

Mwezi wotsatira khoswe uja analumanso. Winawo chimodzimodzi. Masika anadutsa, mwera unaomba n'kuleka, ndipo Che Kalilu anaphunzira luso latsopano loyang'ana kabuku ndi diso limodzi.

Anawagwira ndi mayi Maimuna. Tsiku lina atabwera kogulitsa mpunga ku Dwangwa anakhala pamkeka n'kuvula mpango mwakachetechete.

"Bambo a Bushra, ndadzera kwa ogulitsa malata. Mwa kuwerenga kwanga, ndalama ija iyenera kuti yatsala pang'ono kukwana. Akuti tikachedwa akweranso."

"Tidikire pang'ono, mayi. Zinthu zabwino sizifuna phuma."

"Ndadikira kuyambira Bushra ali kumsana. Pano naye ali ndi wake kumsana. Tandiyang'anani kuno. Ndalama ilipo?"

"Ilipo. Kungoti ikudonthako."

"Nayonso banki yafoleredwa ndi udzu?"

Che Kalilu anafotokoza zonse, maso ali pa zala za kumiyendo. Mayi Maimuna anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye anakuuzani chiyani mutawafunsa?"

"Munthu wa msinkhu wanga sangakaime pamzere n'kumadandaula ngati mwana wolandidwa chigumu," anatero Che Kalilu akudzikoka ndevu. "Nkhani yaikulu imayenda ndi nkhoswe. Pokufunsirani inu ndinabwera ndekha ngati? Mlandu wa malire a dimba uja ndinakalankhula ndekha? Timatuma munthu. Ndiwo ulemu wake."

Nkhoswe yomwe anasankha inali mlamu wawo Fakiri, mchimwene wa mayi Maimuna, wogulitsa usipa wouma yemwe ankadzitama kuti palibe ofesi paboma yomwe sadziwa khomo lake. Anamupatsa kabuku, ya matola, ndi ya tiyi. Fakiri anabwera dzuwa litapendeka, milomo ili noninoni.

"Alamu, ndayenda. Akuti abwere mwini wake."

"Basi?"

"Basi. Koma ndalankhula Chingerezi, alamu, mpaka mlonda anandiyang'ana kawiri."

Che Kalilu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Vuto ndi patapata ameneyu. Ndiponso mukununkha usipa. Anthu a m'maofesi amayamba aona nsapato asanamve mawu."

Ulendo wachiwiri anamubwereka jekete lawo la pa Idi, nsapato zachikopa, ndi chambo chachikulu chowamba bwino choti akapereke kwa bwana wa banki, poti nkhoswe siyenda chimanjamanja. Fakiri anabwera jekete lili ndi dontho la mafuta pachifuwa.

"Akuti abwere mwini wake."

"Nanga chambo?"

"Anakana, akuti masiku ano zimenezo ndi ziphuphu. Ndiye ine ndikanatani, alamu? Kutaya chakudya ndi tchimo. Koma munasankha bwino, chinali chonona."

Kuyambira pamenepo Che Kalilu anasamutsira mlanduwo pabawo. Kumeneko mabanki onse a m'dziko muno anazengedwa, anapezeka olakwa, anatsekedwa. Anzawo ankavomereza ndi mitu kwinaku akuwadyera nkhomo. Koma bawo lilibe kauntala, ndipo mwezi utatha khoswe analumanso.

Kenako kunagwa chizimalupsa. Sichinachedwe, chinangodutsa masana ngati mlendo wolonjera ali chiimire, koma chinapeza mabowo onse a denga lija. Matiresi ananyowa, ufa unachita zibuma. Kutacha Che Kalilu pochokera kumzikiti anapeza mkanjo wawo woyera utasitidwa, uli pampando, ndipo mayi Maimuna atavala kale zapaulendo.

"Kwagwanji, mayi?"

"Tikupita kubanki. Ine ndikuperekezani mpaka pakhomo, m'katimo mulowa nokha."

"Koma mwambo wake, nkhani ngati iyi..."

"Bambo a Bushra, kujando munatuma Fakiri?"

Che Kalilu anatola mkanjo uja n'kuvala.

Mubankimo munali mzere wautali wa aphunzitsi ndi ogula mpunga. Che Kalilu analola anthu atatu kuwapitirira, ati ulemu. Potembenuka anaona akazi awo pawindo atapinda manja, ndipo anadziwa kuti njira yobwerera yatsekedwa. Anafika pagalasi. Sanapezepo mnyamata wa tayi uja, koma mtsikana wa nkhope yozizira, dzina lake Nester lili pachifuwa.

"Tikuthandizeni, bambo?"

Mkango wa pabawo uja unatulutsa mawu ngati a udzudzu. "Pepani mwananga, sikuti ndikudandaula ayi. Boma ndi boma. Ndimangoti mwina, ngati n'kotheka, ndidziweko dzina la msonkho uwu."

Nester anayang'ana kabukuko. "Uwu si msonkho, bambo. Boma silikukhudzidwa n'komwe. Ndi kampani ya inshuwalansi ya ku Blantyre. Pali chilolezo choti tizidula mwezi ndi mwezi n'kuwatumizira."

"Si boma?" Mawu anayamba kubwerera pang'onopang'ono. "Mwati si boma?"

"Ayi. Kodi ndinu amene munatuma bambo aja anabwera ndi chambo? Tinawauza kawiri konse kuti za akaunti timakamba ndi mwini wake yekha. Dikirani ndikatenge pepala lake."

Anawalowetsa m'kachipinda ka manijala, bambo wonenepa wa magalasi, yemwe anawapatsa mpando n'kuyala pepalalo patebulo. Dzina linali lawo, nambala inali yawo, koma pansi pake panali chidindo cha chala.

"Ine chala?" Che Kalilu anadzuka pampando. "Ndasainira malipiro zaka zonsezi ndi cholembera, dzina langa lokhala ndi mchira wake! Ndiye inshuwalansi yake ya chiyani?"

Manijala anawerenga. "Ya maliro, bambo. Mukadzatisiya, kampaniyi idzakugulirani bokosi. Pano alemba kuti munasankha lapamwamba, la mbawa, la zogwirira zonyezimira."

Kenako Che Kalilu anavula kofia n'kuiika patebulo.

"Bwana, tandiyang'anani bwino. Mkanjo uwu mukuuona? Dzina langa mwaliwerenga? Ine ndi Msilamu, mwana wa Msilamu. Ife timapita ndi sanda, nsalu yoyera basi, pa jeneza lonyamulira maliro la kumzikiti lomwe limabwerera kukadikira wina. Bokosi la mbawa ndidzalitani ine? Ndizidzasungiramo mpunga? Miyezi yonseyi nyumba yanga ikudontha, ine ndikugula bokosi loti ngakhale nditafa sindingalowemo!"

Mawuwo anamveka mpaka pamzere, ndipo wina kumeneko analephera kudzigwira. Manijala naye anavula magalasi n'kumapukuta misozi ya kuseka.

"Pepani bambo, sindikuseka inu. Umboni woposa umenewu sindinaumvepo. Koma nambala yanu anaipeza bwanji? Munapatsapo munthu kabuku kanu?"

Apa mphepo inachepako. Che Kalilu anakumbukira n'kufotokoza za mwezi wawo womaliza kuntchito, pamene pageti panabwera mnyamata wa chikwama chakuda, dzina lake Tedson, akugawa makalendala. Ankati aliyense wokhala ndi kabuku ka kubanki alowa mumpikisano wa wailesi. Anzawo ambiri analibe mabuku, ndiye Che Kalilu anatulutsa kawo mokweza, kuti onse aone, n'kumusiya mnyamatayo akopere zomwe akufuna.

"Wailesiyo munapata?" anafunsa manijala.

"Kalendala yokha."

Kuletsa kudulako kunatenga nthawi yochepa kuposa yomwe Fakiri anatenga kudya chambo. Che Kalilu analemba mawu ochepa okana chilolezocho, nasaina dzina lawo ndi mchira wake wonse. Koma pa zobweza, manijala anapukusa mutu.

"Za miyezi yaposachedwayi tikubwezerani, zili m'manja mwathu. Zakalezo zinapita kale, mpaka tilembe makalata ku Blantyre, ndipo Tedson wanuyo tikumva kuti anasowa ngati mthunzi wa mbalame. Zitha kubwera, koma musaziikire madzi pamoto. Mukanabwera mwezi woyamba uja, bambo, simukanataya ngakhale tambala. Munkaopa chiyani?"

Che Kalilu anavala kofia. "Sindinkaopa. Ndinkafufuza kaye."

Panja mayi Maimuna anamva zonse osadula mawu. Atafika pa za bokosi anagwira pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Tsiku lomwelo anapitirira mpaka ku Dwangwa. Kumeneko anapeza kuti malata sanawadikire: mtengo unali utakwera kawiri chiyambire khoswe uja kuluma. Ndalama yonse, kuphatikiza yobwezedwayo, inakwana theka la denga.

Mmisiri atabwera anafunsa kuti akhome mbali iti. Che Kalilu ankafuna mbali yoyang'ana kumsewu, kuti odutsa aziona kung'anima. Mayi Maimuna sanatsutse. Anangolowa m'nyumba n'kukoka bedi mpaka linafika pakati penipeni, pansi pa msana wa denga, mbali yawo kumalata, mbali ya bambo kuudzu.

"Mbali yanuyo tidzafolera makalata a ku Blantyre akadzayankhidwa," anatero. "Pakadali pano beseni ndi ili."

Dzinja la chaka chimenecho mvula inagwa yosaseweretsa. Che Kalilu ankafika pabawo m'mawa phewa limodzi lili chinyezi, ndipo anzawo ankawafunsa mwaulemu ngati bokosi lafika, poti mwina likanathandiza kugonamo mvula ikamagwa. Fakiri ndiye sankawapatsa mpata.

"Alamu, mwaoneka ngati mwagona m'bwato. Bwanji osandituma ine ndizikanyowa m'malo mwanu? Mungondipatsa ya tiyi."

Che Kalilu ankangoseka nawo, poti akanatani. Koma akuti mwezi uliwonse ukatha ankaima pagalasi lija n'kufunsa tanthauzo la kamzere kalikonse, mpaka Nester ankati akawaona pakhomo, ankayamba kale kutulutsa mafailo. Ndipo mnzawo wina wopuma ntchito atawanong'oneza kuti nayenso kabuku kake kakudontha, n'kuwapempha kuti akamulankhulire poti iwo ndi odziwika kumeneko, Che Kalilu anatakata nkhomo zawo modekha, nakweza phewa lonyowa lija.

"Achimwene, matola ndi awo aima apowo. Ine nkhoswe ndinatumapo, ndipo malipiro ake ndi phewa ili. Akuluakulu sananame: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."