Mikanda Yosavulika ya Nkhanga

Tandimverani kuno, inu amene mukulimbirana mkanda umodzi ngati ndi nyama. Padangotero, kalekale mbalame zisanagawane mudzi ndi tchire, Nkhanga sanali wamawangamawanga ayi. Anali wakuda bii thupi lonse, koma kumutu anali ndi nthenga zazitali zofewa, zoti akadutsa pachitsime amayi ankaiwala kutunga madzi. Ankakhala m'mudzi, khomo loyang'anana ndi la Nkhuku, ndipo awiriwa mtima wawo unali pa mwamuna mmodzi, a Tambala.

A Tambalawo anali atanena poyera kuti adzasankha mkazi pa gule wa chimtali, anthu akatha kukolola. Nkhuku sanatekeseke, anapitiriza kupalasa pakhomo pake. Nkhanga ndiye chakudya chinasiya kumukomera, poti iye ankawakonda a Tambala zenizeni, chikondi chija chopweteka pamtima.

Kutatsala masiku awiri, m'mudzi munafika Khungubwe, wamalonda woyenda ndi aulendo ochokera kunyanja yamchere. Pakhosi anavala khoza lasiliva loyera mbee, ndipo sankayamba kulankhula asanaligwedeze kuti nonse mulione. Atayala katundu wake, maso ake anagwera pamutu pa Nkhanga.

"Achemwali, nthenga zakumutuzo ndazifuna," anatero Khungubwe. "Sankhani chimodzi, chipini chasiliva ichi chovala pamphuno, kapena lichero la mikanda yagalasi iyi."

Chipinicho chinali kakang'ono ngati njere ya mapira. Mikanda inali yoyera, yonyezimira, lichero tho.

"Kachipini aka a Tambala angakaone ali pati?" anatero Nkhanga. "Ndipatseni yambiriyo."

"Siliva samwazika, achemwali. Mikanda imalira ulusi."

"Metani, bambo, dzuwa likupita."

Khungubwe anamumeta mpala, natenga nthenga zake, ulendo. Nkhanga anadzimanga duku, nakhala pakhonde ndi lichero lake.

Nkhuku, ngakhale anali mnzake wolimbirana naye, mtima woipa analibe. Anabwera nati, "Mnzanga, mikanda amatungira pa ulusi wa bwazi wopota pantchafu, ndipo amamanga mfundo pafupipafupi. Komanso malo ake ndi m'chiuno, mkati mwa nsalu. Amaiona ndi mwini nyumba yekha."

"Ndimetetse mutu wanga wonsewu kuti ndikaibise m'nsalu?" anayankha Nkhanga. "Nsanje bwanji, amwali?"

Kupota bwazi kumadya masiku, ndiye Nkhanga anangosenda luzi lanthochi laliwisi, natunga mikanda yonse pa chingwe chimodzi chachitali, chopanda mfundo ndi imodzi yomwe. Mafuta ansatsi atamuthera, anafewetsa phula lanjuchi pamoto nadzola thupi lonse kuti awale. Ana inu, kufulumira kuli ndi nzeru zakezake, koma si zabwino.

Tsiku la gule, dzuwa lili paliwombo, Nkhanga anatulukira atadzikulunga mikanda kuyambira pakhosi mpaka kumchira, pamwamba pa nsalu ndi pathupi pomwe. Amayi achikulire anagwira pakamwa. Koma zoona zinenedwe, anakongola. A Tambala anatambasula khosi, nayamba kumuzungulira phiko limodzi lili pansi. Nkhanga anadziwa kuti mwamuna uja ndi wake.

Oimba ng'oma ataona kuti bwalo latentha, anawonjezera moto. Nkhanga naye anawonjezera chiuno. Luzi lija linali litauma gwa ndi dzuwa, ndipo pa kudikula kwachitatu linangoti thii. Mikanda mbwee bwalo lonse.

Tsono a Tambala, mukuwadziwa inu, mimba ndiyo imawalamulira. Ataona tinthu toyera tikugubuduka pansi, anayesa mphale. Anaiwala gule, anaiwala chifukwa chimene anabwerera, nayamba kujompha uku akuitana, "Kokoko, bwerani kuno, chakudya chagwa." Woyamba kufika pambali pawo anali Nkhuku.

Nkhanga anadzigwetsa pansi kuti apulumutse chuma chake. Anagubuduka uku, nagubuduka uko, mikanda nkumamatirira pa phula lija, kumsana, kumapiko, pamimba. Podzuka, duku linali litagwa, mutu uli mbee poyera. Ana anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma kuseka sikunamupweteke kwenikweni. Chimene chinamupweteka nchoti a Tambala sanatukule nkomwe mutu. Anali phewa ndi phewa ndi Nkhuku, kujompha ndi kulavula, kujompha ndi kulavula, ngati banja la zaka khumi.

Nkhanga analira, nathamangira kutchire. Kumeneko mthunzi unaziziritsa phula, mikanda inakanirira. Anasamba m'fumbi, anadzikhula pamtengo, koma sunachoke ndi umodzi womwe.

Ndi chifukwa chake lero nkhanga ili ndi mawanga oyera thupi lonse, mutu uli mpala, ndipo imakhala kutchire pomwe nkhuku ili pakhomo ndi mwamuna wake. Mukapita kumunda wakumalire a mudzi mudzaione bwino. Tambala akapeza njere nayamba kuitana, nkhanga imasiya kupalasa, nkutukula kamutu kake kumvetsera. Imaima choncho pang'ono, kenaka imakumbukira kuti woitanidwayo si iyo, nkuthawira m'udzu.