Laimu wa Mzikiti wa ku Mwambani

Che Sualehe anafika kwa Shehe Momade itangotha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, atavala chipewa chawo cha komiti yoyang'anira nyanja. Ine ndinali pakhonde pomwepo ndikuthandiza akazi a Shehe kupeta mpunga. Sindinapitire kukamvera za eni ayi, koma makutu alibe chitseko.

Kumeneku ndi ku Mwambani, kugombe la nyanja yamchere ku Mozambiki, kumene ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi bambo akwathu akusoka zovala. Pansi pa nyanjayo pali miyala yamoyo, eni ake amati matumbawe, ndipo nsomba zimaswana m'menemo. Miyalayo inayamba kuyera n'kumafa, ina anthu ankaiphwanya n'kuiwotcha kuti apeze laimu. Nsomba zinachepa. Mudzi unagwirizana zoletsa kuphwanyako, n'kusankha Che Sualehe kuti aziyang'anira.

Anagwira ntchito Che Sualehe, mpaka kulanda bwato la mlamu wawo weniweni. Akazi awo, Bibi Sauda, anabwerera kwawo tsiku lomwelo, ndi mbaula yomwe anatenga. Kuyambira pamenepo Che Sualehe ankadya okha. Poswali mumzikiti anthu amagundanitsa mapewa, koma iwo mbali zonse ziwiri pankatsala mpata.

Atalonjerana ndi Shehe anati: "Shehe, ndabwera ndi mayina asanu ndi awiri. Ndawapeza dzulo akuwotcha matumbawe kuseri kwa manda. Muwatchule pa khutuba, polalikira Lachisanu, anthu amve kuti ndi haramu. Mukakana, ntchitoyi ndaisiya, nyanja ithe. M'mudzi muno woopa Allah ndatsala ndekha."

"Allah akuonjezereni kumuopako," anatero Shehe. "Kodi munawafunsa kuti laimuyo ndi wa chiyani?"

"Sandiyankha, Shehe. Ngakhale salamu yanga amayankhira kumbali. Miyezi inayi tsopano."

Apa Che Sualehe anavula chipewa chija. Akazi a Shehe anasiya kupeta. Zoona zake, mudzi wonse unkadziwa za laimuyo, ine woyamba. Che Sualehe okha ndiwo sankadziwa, poti munthu wosalankhulidwa nkhani zimamudutsa.

Shehe anaimirira ndi ndodo yawo. "Tiyeni mundiperekeze pang'ono."

Mzikiti unali pafupi, moti ndinkawaona ndi kuwamva bwinobwino. Shehe anakanda khoma ndi chikhadabo, chibanthu choyera n'kugwera m'dzanja mwawo. Anachionetsa kwa mlendo wawo.

"Mukuona mizere yosanjikizanayi? Uliwonse ndi Idi imodzi. Chaka ndi chaka Ramadhani ikamatha ndimaima pamaso pa anthu n'kunena kuti nyumba ya Allah iyere. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutero, ndipo sindinafunsepo kuti kuyeraku kukuchokera kuti. Ndamva dzulo lomweli, anthu anu aja atabwera kudzandidandaulira. Sanakuyankheni chifukwa ankabisa manyazi anga. Mlamu wanu nayenso ankabisa zomwezo."

Che Sualehe anayang'ana kunyanja kumene madzi anali ataphwa, miyala yothyokathyoka ili poyera.

Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye nditani, Shehe? Inu sindingakulembeni."

"Ndilembeni. Pepala lanulo liyambe ndi ine."

"Anthu adzakudani. Idi, alendo abwere, mzikiti uli wakuda? Mudzatsala nokha ngati ine."

Shehe anapukuta fumbi la laimu m'manja mwawo, n'kuyankha kuti: "Lachisanu ndidzatchula dzina limodzi lokha, langa, ndipo ndidzanena kuti khomali sitilipakanso. Khoma lakuda silinabwezepo swala ya munthu, koma nyanja yopanda nsomba imabweza bambo chimanjamanja kwa ana ake. Inu mudzaime kumbuyo kwanga penipeni. Akatimana salamu, tizipatsana tokha awirife."