Nyimbo Zimene Zinapulumukira ku Chitala

M'nyumba ya aphunzitsi a Binwell Kachiwanda, kufupi ndi gombe la Senga Bay, munali chinthu chimodzi chimene mlendo ankangochiona ndi maso. Chinkakhala patebulo la pakona, chitafunda chitenje ngati mkwatibwi, kuti mchenga wobwera ndi mwera usachilowe. Inali kompyuta yakalekale, yoyezuka ngati dzino la wosuta fodya, yolemba zilembo zobiriwira. Anawapatsa ndi mlamu wawo wa ku Lilongwe ofesi yake itagula zatsopano, nthawi ija anthu anali atangoyamba kuzolowera kuvala nsalu za zipani zosiyana pamsika umodzi popanda mantha.

A Binwell anali munthu woopa Mulungu, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi khutu la nyimbo. Masana ankalimbana ndi ana amene anasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango sukulu itakhala yaulere, ndipo akaweruka ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi. Kuyambira ali mnyamata ankapeka nyimbo n'kuzilemba m'makope, mawu ake pamodzi ndi solofa ya magulu onse anayi. Kale nyimbo ikabadwa, mwezi usanathe inali itafika ku Chitala, pakuti iwo eni ankapalasa njinga kukaphunzitsa makwaya a kumtunda, malipiro ake chinangwa chootcha ndi pemphero.

Kompyuta itabwera, chiswe chinali chitayamba kale kudya makope aja. A Binwell anataipa nyimbo zonse ndi zala ziwiri, ndipo zotsala za makopewo akazi awo, mayi Bernadette, anakulungira usipa ndi kuyatsira mbaula. Koma pamodzi ndi bokosilo, m'nyumbamo munalowa kamtima kena mwakachetechete. Nyimbo zatsopano, zimene ankakonzera chikondwerero cha makwaya ku boma, anayamba kuzibisa. Ngakhale kwaya yawo yomwe inali isanazimve.

Tsiku lina mayi Dailes, wotsogolera kwaya ya ku Chitala, anapatuka akuchokera kogula nsomba.

"Aphunzitsi, tamva kuti bokosi lanuli ndi loyembekezera," anatero akutula dengu. "Tigawireniko kanyimbo kamodzi kokha. Ana anu kumtunda atopa n'kubwereza zakale."

"Zisanapse sitiphula, mayi," a Binwell anayankha akukonza chitenje chija.

Mlendo atapita, mayi Bernadette anawayang'ana amuna awo mwachifundo. "Bambo a Agape, mana aja a m'chipululu obisa mpaka mawa ankachita mphutsi. Kodi mwaiwala?"

"Amenewo anali mana, mayi. Iyi ndi kompyuta."

Kompyutayo nayo inali itatopa, chifukwa inkasenzanso mayeso a kusukulu ndi zolengeza za mpingo. Ikayatsidwa, munthu ankatha kuwiritsa tiyi, kumwa, n'kutsuka kapu iyo isanadzuke. Kenaka inakaniratu kulandira nyimbo ina, ikuti malo atha. Apo a Binwell anatumiza mawu kwa mnzawo wa pabawo, che Mustafa, amene ankakonza mawailesi ndi makina a m'maofesi ku boma la Salima.

Che Mustafa anafika Loweruka m'mawa pa matola. M'kachikwama mwawo anatulutsa disiki yaikulupo, yochotsa mu kompyuta ina yakufa, ndi timapale tiwiri tobiriwira ta memore.

"Disiki ndi nkhokwe, aphunzitsi," anafotokoza akumasula masikuluwu. "Memore ndi lichero lopetera. Nkhokwe yanu yadzaza, ndipo lichero lanu ndi la ana a kumasanje."

Anayamba ndi timapale tija. Atatilowetsa n'kuyatsa, kompyuta inadzuka msanga ngati mwana amene wamva kuti kwabwera alendo.

"Aleluya!" a Binwell anawomba m'manja.

"Alhamdulillah," anavomera che Mustafa. Koma atasendeza khutu pafupi ndi disiki yakale, nkhope yawo inasintha. "Mukumva kulirako? Ngati njinga yosowa girisi. Agogo amenewa sitiwasuntha tisanatulutse katundu wawo. Tiyambe takopera nyimbo zanu m'madisiketi. Ndabwera nawo."

A Binwell anayang'ana kabokosi ka madisiketiko ngati muli njoka. "Madisiketi ali ndi miyendo, che Mustafa. Lero ali pano, mawa ali m'thumba mwa Victor wa kwaya ya ku boma."

"Wallahi, aphunzitsi! Ine nyimbo zanu ndikaimba kuti, kumzikiti? Musunge nokha pansi pa pilo."

"Pansi pa pilo pamafika mayi a Agape, ndipo mtima wawo ndi wofewa ngati papaya wakupsa."

"Ndamvatu!" mayi Bernadette anafuula ali kukhitchini.

Anaseka onse, koma a Binwell sanasunthike. "Ingolumikizani nkhokwe ziwirizo. Chimanga chichoke uku chipite uku, pasakhale wachitatu."

Che Mustafa anapukusa mutu, nazimitsa kompyuta. Anamasula disiki yakale kuti inzake ipeze malo, nalumikiza zonse ziwiri pa lamba mmodzi wa mawaya. Atayatsa, munamveka kagogodo kofooka, kenaka zii. Anabwezera zonse mmene zinalili poyamba, koma disiki yakale sinazungulirenso. Anaigogoda pang'ono, anaitembenuza, anaiyankhula mokoma ngati ng'ombe yokana kudzuka. Pomaliza anaikulunga m'nsalu n'kupita nayo kwa mnzawo wina ku Lilongwe. Atabwerako anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Pepani, achimwene. Agogo aja agona."

A Binwell sanamudzudzule mnzawo, poti anadziwa amene anakana madisiketi. Anakhala patsogolo pa kompyuta yawo, imene tsopano inali yachangu ndi yamalo ambiri, koma yopanda kanthu ngati nkhokwe ya mwezi wa Febuluwale. Anayesa kukumbukira. Nyimbo zina zinkabwera mutu wokha, zina ndime yachiwiri ikulowa m'yachinayi, ndipo tenala ndi besi zinali zitabalalika ngati nkhosa zopanda mbusa. Ntchito ya moyo wawo wonse inali itapita. Anagwada pambali pa tebulo napemphera, osati kuti disiki iuke, koma kuti mtima wawo ukhale pansi.

Mayi Bernadette sananene kuti ndinakuuzani. Anangopita kugombe n'kukatuma amalonda a nsomba opita kumtunda kuti akapereke uthenga ku Chitala.

Loweruka lotsatira kunaima galimoto ya matola yodzaza anthu. Woyamba kutsika anali mayi Dailes, kumbuyo kwawo kwaya yonse ya ku Chitala, mpaka a Jameson, nkhalamba yoimba besi imene inkayenda ndi ndodo.

"Tamva kuti kuno kwagwa maliro a bokosi," mayi Dailes anatero akugwada pakhonde. "Tabwera kudzakhuza. Chopepesera tilibe, koma pakamwa tabwera napo."

Anayala mphasa, kompyuta anaisendeza pawindo, ndipo anayamba kuimba. Ankaimba mzere umodzi, a Binwell n'kutaipa, iwo n'kubwereza gulu ndi gulu mpaka solofa yonse itakhala m'malo mwake.

"Iyayi, aphunzitsi, pamenepo besi imatsika," a Jameson anagogoda ndodo pansi. "Munatikalipira nokha pamenepa chaka cha chilala chija. Lero mukufuna kutisocheretsa?"

"Ndalapa, a Jameson. Bwerezani."

Panali nyimbo zina zimene a Binwell anali ataiwala kuti anapeka ndi iwo. Pozimva zikutuluka m'kamwa mwa atsikana amene anali asanabadwe pamene zinkapekedwa, zilembo zobiriwira zija zinayamba kusambira m'maso mwawo. Mbiri itamveka, masabata otsatira kunabweranso a m'midzi ya m'dera la Kuti, aliyense ndi nyimbo imene anaphunzitsidwa kale. Che Mustafa sankaphonya. Ankafika ndi akazi awo, abiti Tausi, atasenza beseni la zitumbuwa, ndipo ankakhala pampando akugwedeza phazi, kabokosi ka madisiketi kali pamiyendo.

Nyimbo zakale zinabwerera zonse. Zatsopano zija, zobisidwa, panalibe woziimba, ndipo zinapita ndi disiki. Inapulumuka imodzi yokha. Tsiku lina amayi a mpingo wa pagombe pomwepo anangoiyamba pakhonde paja, a Binwell n'kudzidzimuka.

"Imeneyi mwaitenga kuti?"

Mayi Bernadette anaphimba kukamwa ndi chitenje. "Munkaing'ung'udza kubafa m'mawa uliwonse. Ine ndinaitola, ndinakagawira anzanga kumjigo. Papaya uja ndi ameneyu."

A Binwell anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatambasula dzanja kwa che Mustafa. "Bweretsani madisiketi aja."

Anakopera nyimbo zonse, pamodzi ndi yopulumukira kubafa ija. Disiketi ina anapatsa mayi Dailes kuti akasindikize ku ofesi ya zaulimi, ina anaitumiza kwa Victor wa ku boma, ina anaika pansi pa pilo, podziwa bwino lomwe amene amafikapo. Pa chikondwerero cha makwaya sanapambane. Koma pomaliza, makwaya atatu anaimirira pamodzi n'kuimba nyimbo yatsopano ija, ndipo a Binwell, ali kutsogolo manja ali m'mwamba, anamva besi ya a Jameson ikutsika pamalo pake penipeni.

Pobwerera kunyumba, atakhala pambuyo pa matola, anawagwira dzanja akazi awo. Zimene anatsekera m'nkhokwe zinaola, koma zimene anamwaza m'makomo mwa anthu anazipeza zili zamoyo pa tsiku la kusowa kwawo. Akuluakulu sananame pamene anati kupatsa n'kuika.