Mwana Amene Sadalembe Mayeso a Kalikulo

"Za sukulu ine musandiuze," adatero a Laurindo pamsika wa ku Zóbuè, akusanja mbatatesi m'ndowa. "Nthawi ya nkhondo, ku kampu ya othawa kwawo ku Malawi, mayeso onse ankadutsa m'manja muno."

Akazi awo, mayi Zulmira, adangoweramira nyemba zawo. Silidali bodza. Mayesowo ankadutsadi m'manja mwa bambowo, pakuti ndiwo ankanyamula mtolo wa mapepala kuchoka kwa ahedi kupita m'kalasi.

Sabata yomweyo mwana wawo Ivânia, amene ankaphunzira za migodi pa sukulu ya ukachenjede cha ku Moatize, adatsika shapa, minibasi ya kumeneko, pamsika pomwepo, kutatsala masiku khumi kuti tchuthi chiyambe.

"Anzako akulemba mayeso, iwe ukufuna chiyani kuno?"

"Papa, maphunziro ena ndatsiriza, ndipo pa kalikulo andimasula. Masamu amenewa timalemba timayeso tiwiri m'kati mwa chigawo, kuphatikiza ntchito za sabata ndi sabata. Akawonkhetsa, ukafika 14 pa 20, mayeso omaliza sulemba. Ine ndili ndi 15."

A Laurindo adaseka chikhakhali.

"Ndi sukulu iti pansi pano imauza mwana kuti poti wakhoza, usalembe? Wosalemba mayeso amakhala wothamangitsidwa kapena wapakati. Sankhapo chako."

Mawuwo sadanong'one. Adawamva a tomato, adawamva ngakhale osintha ndalama a pamalire. Ivânia adapempha kuti ayimbire foni aphunzitsi ake, koma bambo ake adati sangafunse nzeru kwa mwana wobadwa dzana. Atafika kunyumba, bambowo adakhala pakhonde nalemba kalata m'Chipwitikizi cha mawu ataliatali, yopempha kuti dzina la mwanayo lifufutidwe pa sukulu, namusayinitsa misozi ili chuchuchu. Kalatayo ikadangodindidwa, malo ake ndi thandizo limene ankaphunzirira zikadapita kwa wina, iye nkubwerera ku khasu.

"Mukadayamba mwafunsa, bambo a Ivânia," adatero mayi Zulmira.

"Kufunsa n'kwa osadziwa."

M'mawa mwake adavala jekete, ngakhale kuti ku Moatize dzuwa limawotcha mpaka mthunzi, natsika phiri ndi mwanayo. Pa sukulupo adapeza ophunzira ali mbwee pansi pa mtengo, mitu ili m'makope, thukuta losakanikirana ndi fumbi la malasha.

"Ukuona? Ana a anthu ndi awo!" adatero a Laurindo.

Mmodzi wa ana a anthuwo, bambo wandevu dzina lake Castigo, adadzutsa mutu. "Mana Ivânia, mlongo wathu, mwabwera kudzatiseka ife a 11?"

A Laurindo adagwedeza mutu. Kwa iwo zidamveka kuti ngakhale anzake akumunyogodola.

Mlembi wa pa sukulupo, dona Piedade, adaiwerenga kalatayo kawiri, chidindo chili m'manja. Adayang'ana Ivânia, nayang'ana jekete.

"Bambo, pawuta mwaiwerenga?"

"Zolembedwa pamenepo ndikuzidziwa kale."

"Tiyeni tikazidziwe tonse."

Pawuta ndi pepala la zotsatira limene amamata pakhoma kuti aliyense aone. Padali mayina makumi asanu ndi limodzi kudza awiri. Dona Piedade adayendetsa chala pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana a, e, i.

"Awa ofiirawa sadafike 10. Chipinda cha mayeso saloledwa n'kulowamo komwe, tidzaonana nawo chaka chamawa. Awa a 10 mpaka 13 ndi amene akupserera pansi pa mtengo paja, alemba mawa. Awa anayi tidawauza kuti apite kwawo akapume. Wanuyu ndi wachiwiri pa anayiwo."

A Laurindo adafunafuna magalasi m'matumba onse a jekete. Magalasiwo adali pamphuno. Adawerenga dzinalo katatu, ndipo katatu konse lidali la mwana wawo.

"Kalata ija, dona," adatero pomaliza, mawu atachepa, "ndimangoyesa ngati ofesi ino ili tcheru."

"Ili tcheru," adayankha dona Piedade, nawabwezera kalatayo yosadinda. Ivânia adapuma mpweya umene adaugwira kuyambira ku Zóbuè.

Kunyumba a Laurindo adafuna kuti nkhaniyo ithere kuchipinda, koma mayi Zulmira adakana. "Mawu mudawamwaza pamsika. Mukawatolere komweko."

Loweruka, msika utadzaza, bambowo adavula chipewa, naimika mwana wawo pambali pa ndowa za mbatatesi.

"Abale, ndidanena mawu awiri pa mwana uyu. Onse ndawabweza. Ivânia mwanangu, ndidakulakwira."

"Kwezani mawu, achimwene, ngati tsiku lija!" adafuula mayi wina wa tomato. "Osintha ndalama sanamve!"

A Laurindo adabwereza mokweza mpaka adamva a pamalire. Ivânia adagwada, nalandira dzanja la bambo ake ndi manja awiri, nthungululu nkumveka msika wonse.

Mwanayo adabwerera ku sukulu chigawo chotsatira, dzina lake lili m'kaundula momwe lidaliri. Chidamupulumutsa ndi mlembi amene sadathamangire chidindo. Pajatu akuluakulu adati Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.