Kabokosi ka Bambo Mawaya

Pa nyumba ina youlutsira kanema panali katswiri wa makina amene anzake ankamutcha Bambo Mawaya. Chipinda chake chinali chozizira, chodzaza mashelefu achitsulo, ndipo pakati pake panali timabokosi tiwiri ta ampulifaya. Ntchito ya kabokosi kotere ndi yosavuta kumva. Chithunzi chimalowa pakhomo limodzi n'kutulukira pa makomo ambiri nthawi yomweyo, china ku masikirini a m'maofesi, china kosungira, china ku nsanja yotumiza kanema m'makomo mwa anthu. Sikasankha, sikasunga chinsinsi. Pa timabokosi tiwirito, kamodzi kankagwira ntchito, kena kankangodikira tsiku la tsoka.

Mkuluyu nayenso anali ndi makomo awiri. Mkazi wake, telala, sankazimitsa kanema m'shopu mwake ponyadira ntchito ya mwamuna wake. Kutsidya kwa tauni kunali mayi wina amene anauzidwa kuti bamboyu ndi wamasiye, ndipo kumeneko kunali kamwana kongoyamba kuyenda.

Tsiku lina anajomba ku ntchito ati mutu, kunyumba n'kunena kuti ntchito yachuluka, koma ali kuphwando lokumbukira kubadwa kwa kamwanako. Tsiku lomwelo kabokosi kogwira ntchito kanapsa, ndipo mnzake wa shifiti anasamutsira mawaya onse ku kodikira kaja.

M'mawa mwake mnzakeyo anamuthamangira pakhomo kuti amufotokozere. Bambo Mawaya, kamera ili m'chikwama, mtima uli dyokodyoko kufuna kuona phwando pa sikirini yaikulu, anangomukupiza dzanja.

"Achimwene, chipinda ichi ndimachidziwa ngati m'thumba mwanga. Kapumeni."

Anatseka chitseko, nazula waya pakhomo lolowera la kabokosi kodikira monga ankachitira masiku onse poonera zake, nalumikiza kamera. Anakhala pansi akumwetulira.

Pologalamu ya zaulimi inaduka pakati pa mawu. M'malo mwa mlangizi wa feteleza, anthu onse anaona Bambo Mawaya atavala chipewa chapepala, akudula keke, mayi uja atamukoloweka dzanja m'khosi. Mawu anamveka bwino lomwe: "Mwana wanga uyu, taonani mphuno, ndi yangayanga!"

M'maofesi anthu anangoti kukamwa yasa. Bwana anathamanga n'kuyamba kumenya chitseko, koma mwini wake anali atavala zomvera m'makutu, akuseka yekha. Ku shopu kuja makina osokera anaima. Makasitomala anayang'ana pansi, ndipo apongozi a Bambo Mawaya, amene anabwera kudzayesa diresi, anakhala pansi osaona ngati pali mpando.

Chitseko chitathyoledwa, bwana analoza sikirini yoonetsa zimene zili pamphepo. Bambo Mawaya anadziona yekha akunyambita keke. Anauzidwa kuti asiye makiyi patebulo.

Kunyumba anapeza chikwama chake chili pakhonde. Mkazi wake sanakuwe, ndipo izi ndi zimene zinamuopsa kwambiri.

"Bambo a kunyumba, mphuno ija ndaiona. Ndi yanudi. Itsatireni."

Anaitsatiradi. Koma kutsidya kuja anansi anali atamuuza kale mayi uja kuti malemu akazi a bamboyu ali moyo, amasoka madiresi pafupi ndi msika. Mayiyo anangosuzumira pawindo nati kwa amasiye onama kulibe malo, natseka katani.

Bambo Mawaya anaima pamsewu, chikwama m'manja, osadziwa koloza. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.