Chitsulo cha M'chubu

Dzulo pamsika kuno ku Joni ndinaona timachubu ta guluu wotuwa titayalidwa pathebulo, wogulitsa akukuwa kuti ndi chitsulo chofewa. Maganizo anga anathawira kwathu ku Tsangano, pa ziwaya zakuda za m'mbali mwa msewu, ndi pa nkhani imene malemu mkazi wanga Nangozo ankakonda kukamba.

Kunali mayi wina wokazinga tchipisi. Chiwaya anali nacho chimodzi chokha, ndipo ndicho chinkadyetsa ana ake. Tsiku lina chinang'aluka pansi, pomwe pamakhala mafuta.

Kunabwera mlendo ndi timachubu tiwiri. Anasakaniza phala lotuwa, namata pamng'alupo. Litauma anagogoda ndi supuni, ndipo linali gwa. Anatulutsa maginito a m'sipika ya wailesi, ndipo anakakamira pachigambapo. Anathira madzi, osadontha.

"Mwaona, mayi? Muli chitsulo chenicheni umu. Thirani mafuta, anthu akudikira."

Mayiyo sanayang'ane chigamba. Anayang'ana chikwama cha mlendo, chimene chinali kale paphewa.

"Achimwene, mukuthamangira kuti? Basi sinafike. Supuni ndaiona, maginito ndawaona. Koma chiwaya changa sichikhalira madzi ozizira."

Mafuta sanathire. Anaika chiwaya pamoto chopanda kanthu, naima chapatali.

Poyamba sipanachitike kanthu, ndipo mlendo anaseka. Kenako panamveka fungo la pulasitiki wopsa. Mayi anakanikiza chigamba ndi mpeni, mpeni unalowa ngati m'phula. Chiwaya chitatentha zedi mng'alu unayasama, chigamba chinafuka utsi, chinada, chinayoyokera pamoto. Akanathira mafuta, mafutawo akanatsikira pamakala, ndipo moto ukanamulumphira pachitenje.

Moto utazima anapititsa maginito aja paphulusa, ndipo anatola fumbi lachitsulo. Mlendo sananame, chitsulo chinalimodi. Koma chinali fumbi chabe, ndipo cholimanga pamodzi chinali guluu, amene salimba pamoto. Atacheuka kuti amuonetse, anapeza mwini maginito atapita osawatenga.

Inu ana anga amene mwangofika kumene kuno, adzakupezani munthu wolonjeza ntchito ndi mapepala. Adzalankhula chilankhulo chathu, adzatchula mudzi wanu ndi dzina la amalume anu. Zimenezo n'zoona, ndiye fumbi lachitsulo lija. Inu funsani chimene chamanga zoonazo pamodzi. Muyeseni pa kanthu kakang'ono, kamene kakatayika simungalire, musanamupatse pasipoti yanu. Ndipo muziona ngati chikwama chili kale paphewa.

Nangozo ankaikamba nkhaniyi bwino kuposa ine, ankatsanzira ngakhale kuseka kwa mlendoyo. Ine ndayamba kuiwala zina. Iwe Tiyesere, mwana wa mlongo wanga, dzanja lako ndi labwino. Uilembe ndikadali pano, ndipo pamwamba uikepo dzina la Nangozo.